Khosi kuuma m'mawa ine ndinaziona

Nkhani ya khosi kuuma m'mawayi ndi yoona ndithu, ine yandizunza makamaka June ndi July kuno ku Mzuzu kukamazizira, munthu umagona utadzipinda ngati bongololo ndiye kudzuka khosi lili gwa, wina akakuitana umatembenuka thupi lonse kkkk. Vuto langa linali kugona chafufumimba mutu utapotokera mbali imodzi usiku wonse, mapilo awiri pamwamba pake, kuphatikizapo kafoni aka timawerenga ma WhatsApp titazolika mpaka 12 koloko. Ndinachotsa pilo mmodzi nkuyamba kugona chammbali kapena chagada, zinasintha.

Likauma ndimaviika kansalu m'madzi ofunda nkuika pakhosi mphindi 15, kenako kutembenuza mutu pang'onopang'ono, osati kulilizitsa ngati amachitira anyamata ena kometetsa aja ayi, zija zimandiopsa ine. Panado amathandizanso, masiku awiri atatu limamasuka lokha.

Koma abale khosi likauma limodzi ndi kutentha thupi, mutu kuwawa kwambiri, chibwano kukanika kufika pachifuwa, itha kukhala meningitis imeneyo, matenda oopsa oumitsa khosi aja, thamangirani ku chipatala cha Mzuzu Central tsiku lomwelo. Chimodzimodzinso dzanzi likamatsikira kumkono.