Musangotiuza kuti tilimbe mtima, katunduyu ndi wolemera

Nkhani iyi yakhala ikundidya kwa nthawi yaitali, lero ndiitule.

Pamalo ena pomwe ndinkagwira ntchito, Lamlungu likangofika cha m'ma 4 koloko madzulo, pachifuwa pankayamba kundithina. Sindinkadwala ayi. Kunali kungokumbukira kuti mawa ndi Lolemba. M'gawo lathu tinalimo anthu asanu, awiri anasiya, m'malo mwawo simunalowe munthu, ntchito yonse inatsalira ife atatu. Foni inkanjenjemera pansi pa pilo 11 koloko usiku: "Lipoti lija ndilipeze patebulo mawa m'mawa." Ndinkadzuka, kuyatsa kompyuta, kugona cha m'ma 2, tulo take tosamveka. Tsiku lina mwana wanga anagwetsa supuni pansi, supuni chabe, ine n'kumukalipira ngati waotcha nyumba. Mmene anandiyang'anira, maso ali tong'o, misozi ikulengeza, sindidzaiwala. Pamenepo m'pamene ndinadziwa kuti ntchito ija yandilowa m'nyumba.

Nditadzikakamiza kukauza abwana kuti, "Bwana, ndatopa, mutu sukugwiranso," anandiyankha maso ali pakompyuta: "Tonse tatopa. Kunjaku kuli anthu ambirimbiri ofuna mpando wakowo." Ndinatuluka ndikudziona ngati wolephera, ngati vuto ndi ine.

Apa m'pamene pagona maganizo anga. Munthu akapanikizika pantchito, timathamangira kumuyeza iyeyo: ndi waulesi, ndi wofooka, sapemphera mokwanira, mwamuna salira. Katundu amene wasenzetsedwa sitimuyeza. Koma bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mu 2019, linalemba kutopa kotheratu kumene pa Chingerezi amati burnout m'buku lake la mndandanda wa matenda ndi mavuto a umoyo lotchedwa ICD-11, ndipo linanena momveka kuti ndi vuto lochokera kuntchito, lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa nthawi yaitali kumene sikunasamalidwe. Zizindikiro zake anatchula zitatu: mphamvu kutheratu, mtima kuchoka pantchito mpaka kumaiipidwa, ndi kuyamba kulephera zimene kale unkazichita bwinobwino. Nditawerenga zimenezi ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa zonse zitatu zinali mwa ine.

Ndipo thupi silinama. Ukachita mantha limatulutsa timadzi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, minofu imakungika, kuti uthawe kapena ulimbane ndi choopsacho. Zimenezi zinapangidwira kanthawi kochepa. Nanga choopsacho chikakhala foni imene ili m'thumba mwako usana ndi usiku? Mapeto ake ndi kusowa tulo, mutu wosatha, m'mimba kusokonezeka, magazi kuthamanga. Mu 2021 WHO pamodzi ndi bungwe loona za ntchito la ILO anatulutsa kafukufuku wosonyeza kuti mu 2016 anthu 745,000 anafa ndi sitiroko ndi matenda a mtima chifukwa chogwira ntchito maola 55 kapena kuposerapo pa sabata. Wogwira maola amenewo ali pachiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti poyerekeza ndi wogwira maola 35 mpaka 40. Amenewa ndi makolo a anthu, abale anga. Pamaliro awo timangoti "BP inakwera," osafunsa kuti inakwezedwa ndi chiyani.

Kwa mabwana amene amangomva chilankhulo cha ndalama, mabungwe awiri omwewa anati masiku ogwira ntchito okwana 12 biliyoni amatayika chaka chilichonse chifukwa cha nkhawa ndi matenda ovutika maganizo. Wantchito wofinyidwa sabweretsa phindu, amabweretsa zolakwika.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi thandizo lachiphamaso. Kuntchito kuja anatiitanira munthu wodzatiphunzitsa kupuma mokoka mpweya, tinakhala naye maola awiri, kenako tinabwerera ku mulu womwe uja, utakula. Sindikunyoza kupuma, kuyenda wapansi, kugona pa nthawi yake kapena kupemphera. Zimandithandiza mpaka lero. Koma munthu amene wasenza ntchito ya anthu awiri simungamuchiritse ndi mpweya. Anatipezeranso mlangizi, inde, koma kuti ukaonane naye unkayenera kulemba dzina m'buku limene linkakhala pa desiki ya mlembi wa abwana. Ndani akanalembamo? Bukulo linakhala loyera, iwo n'kumati, "Mwaona, kuno kulibe wovutika." Uphungu wopanda chinsinsi si uphungu. Ngati kampani ikufunadi kuthandiza, mlangizi akhale wakunja, nambala yake aliyense akhale nayo, ndipo zokambidwazo zisafike kwa amene amasaina malipiro. Oyang'anira anzawo aphunzitsidwenso kumvetsera, monga mmene WHO inalimbikitsira mu malangizo ake a 2022. Ku France anafika pokhazikitsa lamulo mu 2017 loti makampani a anthu 50 kapena kuposerapo azikambirana ndi antchito awo za ufulu wosayankha mauthenga a ntchito akaweruka. Ndiye kuti n'zotheka.

Tsono kwa inu amene muli m'kati mwa zimenezi panopa, musadikire kuti kampani isinthe kaye. Ngati papita masabata awiri kapena kuposa tulo tikukuthawani, chakudya sichikulowa, zimene zinkakusangalatsani zasanduka zosakoma, pitani kuchipatala. Mukakafika musakangonena za mutu ndi msana, mukanenenso kuti maganizo sakuyenda bwino, chifukwa dokotala amathandiza chimene wauzidwa, ndipo angakutumizeni kwa katswiri wa zamaganizo. Matenda a nkhawa ndi ovutika maganizo amachizika, ena pongocheza ndi mlangizi, ena ndi mankhwala. Mowa umangogonetsa vutolo usiku umodzi, m'mawa limadzuka ndi mnzake. Ndipo ngati maganizo ofuna kudzipha ayamba kukubwererani, uzani munthu lero lomwe, pitani kuchipatala lero lomwe, musagone nawo nokha.

Ine amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa mu ofesi yoyandikana nafe. Anandipeza ndaima pakhonde, ndagwira mafayilo, ndaiwala kumene ndimapita. Sanandilalikire. Anangoti, "Mwanawe, masiku ano si iwe. Tabwera ukhale apa." Ndinalira mu ofesi mwawo, iwo anangotseka chitseko n'kukhala phee mpaka nditamaliza. Ndi iwowo amene anandiperekeza kwa dokotala, ndiponso amene anandiuza kuti ndisiye kukadandaula kwa abwana ndi mawu oti "ndatopa," ndikapite ndi pepala.

Ndinalemba ntchito zonse zimene zinali pamutu panga sabata imeneyo, zinakwana 14, pambali pa iliyonse ndinaika maola amene ingatenge. Ndinakaika pepalalo patebulo pawo, manja akunjenjemera, n'kunena kuti, "Bwana, maola awa sakukwana m'sabata imodzi. Ndiuzeni zoyamba ndi ziti, ndipo ziti zidikire." Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali osalankhula. Kenako anatenga cholembera n'kukhwatcha zisanu.