Nkhani yathu ilibe mpando ku Mt Hampden

Lachitatu masana ndimachotsa phazi pa makina osokera, n'kutsamiritsa foni pa mulu wa nsalu kuti ndimvere aphungu akupanikiza nduna ndi mafunso m'Nyumba ya Malamulo ya Zimbabwe, ku Mt Hampden. Anzanga pa shedi yathu ku Mbare anazolowera, amadziwa kuti nthawi imeneyo ukandiyankhula ndimangogwedeza mutu.

Sabata yathayi kunabwera azakhali anga, Anambewe, kudzachepetsa bulauzi yawo ya Mvano. Anakhala pa benchi n'kumamvera nawo. M'nyumbamo munali phokoso, wina akunena za ziletso za mayiko a azungu, wina za ndalama ya ZiG, wina za mankhwala m'zipatala, a Sipikala a Jacob Mudenda akuletsa aphungu kuti akhale chete. Patapita nthawi azakhali anandikoka shati n'kufunsa motsitsa mawu kuti, "Mwana wa achimwene anga, pamenepa akunenapo za ife?"

Ndinayankha kuti ayi, azakhali, lero sanafikepo. Iwo anamasula mfundo ya kansalu kamene amamangamo ndalama ya basi, n'kutulutsa chitupa chawo chachitsulo chija, chopindika pakona, chithunzi chitafufuma. Pamene ena analembedwa CIT, kutanthauza nzika, iwo analembedwa ALIEN, kutanthauza mlendo. Anachiyang'ana, anachipukuta ndi chala, n'kuchibwezera.

Chiyambire tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo, n'chifukwa chake ndalemba zazitali chonchi. Pepani, koma werengani.

Agogo aamuna anachoka ku Ntcheu mu 1954, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, atakwera malole a ulere amene ankatuta anthu kupita nawo kuminda ya fodya ndi kumigodi. Anagwira ntchito pa famu ina ku Mvurwi. Azakhali anabadwira m'komboni ya pa famu yomweyo mu 1959. Mchombo wawo uli m'nthaka ya Zimbabwe. Ku Malawi sanapondeko phazi, Ntcheu amangoidziwa m'nkhani za malemu bambo awo. Mu 1980 anaima pamzere n'kuvota ngati wina aliyense, ndipo anapitiriza kuvota mpaka 2000.

Kenaka mu 2001 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la unzika. Inati aliyense amene ali ndi unzika wa dziko lina akaukane motsata malamulo a dziko linalo pasanathe miyezi 6, akalephera ataya wa Zimbabwe. Oyendetsa za zitupa anamasulira lamulolo mokulitsa, mpaka linagwira ngakhale munthu woti kholo lake lokha ndilo linabadwira kunja. Tangoganizani, mayi wa pa famu wosapita kusukulu akakane chinthu chimene sanakhalepo nacho. Nthawi inatha mu Januwale 2002, chisankho cha pulezidenti chinachitika mu Malichi, ndipo azakhali anabwezedwa pakhomo la malo ovotera. Masiku omwewo mafamu anali kulandidwa, antchito ake akumwazikana, ndipo tonse tikukumbukira a Robert Mugabe akunena kuti anthu a ku Mbare alibe mutupo, umene ife timati mfunda. Ife tili ndi mfunda. Ndife a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Nkhoma, a Mwale. Koma mawuwo anachoka pakamwa pa mtsogoleri n'kulowa m'makombi ndi m'mabwalo a sukulu, ndipo mpaka lero mwana wathu akayambana ndi mnzake amamva dzina loti mubwidi kapena mubhurandaya.

Chimene ndikufuna muone ndi liwiro lake. Pochotsa anthu unzika, Nyumbayo siinazengereze. Mu 2003 inafewetsako pang'ono kwa ana a anthu ochokera m'mayiko a SADC, koma ambiri anali atagwa kale m'kaundula, ndipo uthengawo sunafike kumakomboni. Mu 2005 kunabweranso Murambatsvina, ntchito ya boma yogumula nyumba ndi misika m'matauni, imene bungwe la United Nations linati inasiya anthu pafupifupi 700,000 opanda pokhala kapena popezera ndalama. Ena anauzidwa kuti abwerere kumudzi. Ife kumudzi kwake kuti? Mapepala ochuluka anapsa kapena kunyowa nthawi imeneyo.

Mu 2013 tinapuma. Malamulo atsopano oyendetsera dziko, pa gawo 43, ananena poyera kuti munthu wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye amakhala konkuno, ndi nzika mwa kubadwa. Chaka chomwecho khoti lalikulu loona za malamulowa, pa mlandu wa a Mutumwa Mawere, linagamula kuti nzika mwa kubadwa ikhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri. Mu Novembala 2017 High Court inalola anthu a zitupa za ALIEN kulembetsa m'kaundula wa voti akaonetsa kalata yobadwira. Zonsezi n'zabwino ndipo ndimazithokoza. Koma onani amene anagwira ntchitoyo: referendamu ndi makhoti. Lamulo lenileni la unzika, lija la 1984 loletsa unzika wapawiri, linayenera kukonzedwa ndi aphungu kuti ligwirizane ndi malamulo atsopano. Zaka 10 zinadutsa lili chikhalire m'mabuku. Kalaliki wa pa windo sawerenga chigamulo cha khoti m'mawa uliwonse, amatsata fomu ndi chizolowezi chimene anapeza.

Zotsatira zake ndaziona ndi maso anga. Mwana wamkazi wa azakhali anabadwira pa famu, sanalembedwe. Iyenso anabereka mtsikana, ndipo popeza mayi alibe chitupa, mwanayo alibe kalata yobadwira. Chaka chatha ndinawaperekeza ku ofesi ina katatu. Ulendo woyamba tinafika mbandakucha, manambala anatha tili pamzere. Wachiwiri anati tibwere ndi mboni ya dzina limodzi ndi agogo, yoposa mayiyo zaka. Wachitatu anafuna kalata yochokera kwa mwini famu, munthu woti anachoka mu 2002 ndipo komboni yake pano ndi munda wa chimanga. Mtsikanayo ndi wanzeru, amawerengera agogo ake Baibulo la Chichewa madzulo, koma mayeso a Grade 7 akuyandikira ndipo aphunzitsi akufunsa pepala. Bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, la UNHCR, linayerekeza kuti anthu pafupifupi 300,000 m'dziko muno ali pa chiopsezo chokhala opanda dziko. M'chiwerengero chimenecho muli ife, muli a ku Mozambique ndi ku Zambia, mulinso ana a ku Matabeleland amene makolo awo anaphedwa ndi asilikali m'zaka za m'ma 1980, nthawi ya Gukurahundi, popanda kalata ya imfa. Si nkhani ya Achewa okha ayi.

Tsono ndikamamvera zokambirana za m'Nyumbamo, ndimaona kuti nkhani yathu imagwera pakati. Akamakamba za m'dziko, amationa ngati alendo, nkhani ya a kazembe. Akamakamba za ubale ndi mayiko ena, amationa ngati nkhani ya zitupa, ya unduna wa za m'dziko. Mbali iliyonse imaganiza kuti inayo ndiyo yasenza.

Za mayiko akunja aphungu amazikamba ndi moto, ndipo sindikuwanena. Za ZIDERA ya 2001, lamulo la ziletso la ku America, amazidziwa pamtima. Pa 25 Okutobala chaka chilichonse kuyambira 2019 mayiko a SADC amayankhula limodzi zotsutsa ziletso. Za kubwerera ku Commonwealth, kumene Zimbabwe inachoka mu 2003 n'kupemphanso kulowa mu 2018, zimamveka. Ndipo ikafika nkhani ya abale athu a ku South Africa, anthu pafupifupi 178,000 a ziphaso za ZEP zowalola kukhala ndi kugwira ntchito kumeneko, amene akhala akuopsezedwa kuti ziphasozo zitha, aphungu a mbali zonse amayankhula mokhudzidwa, amati anthuwo agwira ntchito kumeneko zaka zambiri, ana awo anabadwira komweko, sangangothamangitsidwa ngati nkhuku. Ine ndimavomereza mawu aliwonse. Mlamu wanga ali ku Johannesburg pa chiphaso chomwecho. Koma mawu omwewo, osasintha ngakhale limodzi, ndi nkhani ya azakhali anga. Agogo anathyola fodya, anzawo anakumba golide ndi malasha, anasesa misewu ya Salisbury, imene pano ndi Harare, anaphika m'makhitchini a ku Avondale. Chimene tikupempha Pretoria kuti ichitire ana a Zimbabwe, tiyambe tachitira ana a Nyasaland amene ali pakhomo pathu. Nduna yathu ikanapita kukakambirana ili ndi nkhope yowala.

Palinso pangano la United Nations la 1961 lochepetsa vuto la anthu opanda dziko. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti mwana wobadwira m'dziko, amene popanda kutero akhala wopanda dziko lililonse, apatsidwe unzika wa pamene wabadwirapo. Zimbabwe inalowa m'pangano lina la 1954 lonena za anthu opanda dziko, koma la 1961 ayi. Gawo 327 la malamulo oyendetsera dziko limapereka kwa Nyumba ya Malamulo mphamvu yovomereza mapangano a mayiko. Ndiye funso loti boma likuima pati pa pangano limeneli ndi funso la Lachitatu lenileni, loyenera kufunsidwa nduna ya za kunja pamaso pa anthu onse. Mu Ogasiti 2024 atsogoleri a SADC anasonkhana m'nyumba yomweyo ya ku Mt Hampden, Pulezidenti Mnangagwa n'kulandira wapampando. Misewu inakonzedwa, mbendera ya Malawi inakupiza pambali pa ya Zimbabwe. Kungotuluka pang'ono pa mpandawo kuli makomboni a anthu oumba njerwa, ambiri a iwo a mtundu wathu, ena opanda pepala lililonse.

Ku Lilongwe nakonso ndili nawo mawu. Nyumba ya Malamulo ya kumeneko, imene inatsegulidwa mu 2010 ndipo inamangidwa ndi China ngati ya kunoyi, inavomereza unzika wapawiri mu Disembala 2018. Linali tsiku labwino. Koma m'maganizo anga, amene ankaonekera m'maso mwa aphungu ndi Amalawi a ku London ndi ku America, a mapasipoti m'thumba, otumiza ndalama kumudzi. Matchona a ku Zimbabwe, zidzukulu za anthu a ulere, sitilowa bwino m'mafomu awo. Fomu ya ku Malawi imafunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma. Azakhali amadziwa kuti Ntcheu, basi. Amene akanatchula mudziwo anagona kumanda a pa famu. Aphungu a ku Ntcheu, Dedza, Mangochi ndi Nkhata Bay ali ndi abale awo kuno ochuluka zedi, ndipo akanachita bwino kufunsa nduna yawo kuti maboma awiriwa akakumana amakambapo chiyani za ife.

Ndikudziwa chimene ena mulembe pansipa. Muti Nyumba ya Malamulo ndi bwalo la masewera, phungu amavota mmene chipani chamuuzira, akapanda kutero amachotsedwa. Simukunama. Tinaona mu Okutobala 2023 aphungu 15 a chipani chotsutsa cha CCC akuchotsedwa ndi kalata ya a Sengezo Tshabangu, anthu amene tinawaimira pamzere miyezi iwiri yokha m'mbuyomo. Zinandiwawa, ndipo kwa kanthawi ndinasiya kumvera.

Chinandibweza ndi nkhani ya chilango cha imfa. Bilu yothetsa chilangochi siinachokere kwa nduna. Inabwera ndi phungu wamba wa chipani chotsutsa, a Edwin Mushoriwa a ku Dzivarasekwa, dera limene Chichewa chimamveka pa msika ndi pa maliro. Boma linagwirizana nayo, makomiti anayenda m'zigawo kumva maganizo a anthu, ndipo pa 31 Disembala 2024 inasainidwa kukhala lamulo. Phungu mmodzi pa aphungu 280 anayambitsa zimenezo. Ngati zinatheka pa nkhani yolemera ngati ya moyo ndi imfa, n'chiyani chingalepheretse pa nkhani ya chitupa, imene malamulo aakulu anaigamula kale?

Apa ndiye ndikutembenukira kwa ife eni ake, ndipo ndinena mosabisa. Timadziwa kusonkhana. Maliro akagwa ku Mufakose, mabungwe athu a maliro amatolera ndalama usiku umodzi. Gule akatuluka ku Epworth kapena ku Tafara, bwalo limadzaza. Ku CCAP ndi kumizikiti sitisowa. Koma komiti ya aphungu ikabwera ku holo kudzamva maganizo pa bilu, mipando yathu imakhala yopanda anthu. Ndikumvetsa chifukwa chake. Munthu amene anabwezedwapo pa mzere wa voti amaopa kutchula dzina lake pa maikolofoni. Ena tinasintha maina kuti ana asamanyozedwe, a Mbewe anasanduka a Moyo. Mantha amenewa sanagwe kumwamba, anabzalidwa. Koma atisandutsa anthu osaoneka, ndipo phungu sataya tulo chifukwa cha anthu amene sanawaonepo.

Gawo 141 limalamula Nyumbayo kuti izimva anthu isanapange malamulo. Gawo 149 limapatsa nzika iliyonse, ngakhale munthu wongokhala m'dziko mokhazikika, ufulu wolembera Nyumbayo dandaulo. Ndipo pa gawo 6, pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe, choyamba pa mndandandawo ndi Chichewa. Ndinawerengera azakhali mzere umenewo pa foni. Anandiuza kuti ndibwereze, ndinabwereza. Anati, "Ndiye ndikhoza kukaima pamaso pawo n'kuyankhula chathuchi?" Ndinati inde, azakhali, lamulo likutero.

Lamulungu likubwerali tikaweruka ku mapemphero tikhala pansi pa mtengo wa kuseri kwa tchalitchi chathu ku Mufakose kuti tiyambe kulemba dandaulolo, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Tipempha zinthu zitatu: lamulo la unzika likonzedwe, zitupa za ALIEN za anthu obadwira kuno zisinthidwe popanda kufuna mboni zoti zinamwalira, ndipo boma liyankhe za pangano la 1961. Amene muli ndi kholo la chitupa chotere kapena mwana wopanda kalata yobadwira, bwerani nazo nkhanizo, maina sitilemba ngati simukufuna. Tikusowa wina wodziwa malamulo woti atiwongolere mawu, ndi wina wa ku Chitungwiza woti akauze a kumeneko. Azakhali ati afika msanga, bulauzi ija ndaimaliza dzulo.