Magazi pa nzimbe si nkhani yoti tizingoiseka

Lamlungu ndidali ku Domwe kwa amalume, titakhala pakhonde tikudya nzimbe. Nditayang'ana zimene iwo ankalavula, ndidaona zafiira ndi magazi. Nditawafunsa adati, "Aaa muphwa wanga, nkhama zangazi n'zotero kuyambira kale. Mswachi ndidausiya, umandicheka."

Mawu amenewa andikhala pamtima sabata yonse, chifukwa kwathu kuno ku Angónia ambiri timaganiza chimodzimodzi. Tikaona magazi potsuka mano, timaimba mlandu mswachi n'kuusiya. Chonsecho chimene chatupitsa nkhamazo ndi zoyerayera zomata zija zimene zimaunjikana pamene dzino lakumana ndi nkhama. Muli tizilombo mmenemo. Mukasiya kutsuka, mwazipatsa malo. Zikakhalitsa zimauma n'kukhala ngati kamwala kachikasu, makamaka kuseri kwa mano akutsogolo a m'munsi, ndipo zikafika pamenepo mswachi sungazichotsenso. Amazipala ndi a zamano kuchipatala.

Chimene chimandiwawa, abale anga, n'choti matenda a nkhamawa poyamba sapweteka. Nkhama zimangofiira, kutupa pang'ono, m'kamwa n'kumanunkha ngakhale mwachukucha. Pamenepo zimatheka kubwerera mwakale mukamatsuka bwino. Koma mukazilekerera, nkhama zimayamba kusiya dzino, fupa logwira dzinolo n'kumadyeka, ndipo fupa limenelo silibwereranso lokha. Amalume dzino lawo limodzi lam'munsi likugwedera kale, lopanda bowo ngakhale pang'ono. Iwo akuti ndi ukalamba. Ine ndikukana.

Amasutanso fodya, wolima okha. Fodya amawononga nkhama, ndiye amabisanso magaziwo, munthu n'kumaona ngati ali bwino. Odwala shuga nawo achenjere, komanso amayi oyembekezera, poti nthawi imeneyo nkhama sizichedwa kutupa.

Zofunika si zambiri ayi. Mswachi wofewa, kawiri pa tsiku, mphindi 2, ndipo usiku musanagone ndiye osaphonya. Mswachiwo uziyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa nkhama, osati kukwecha ngati mukutsuka mphika wa nyemba. Pomwe pakutuluka magazipo ndi pomwe pakufunika kutsukidwa, modekha. Mankhwala otsukira akhale okhala ndi fluoride, yomwe imalimbitsa mano, ndipo mukamaliza ingolavulani, osachukucha ndi madzi. Mswachi ukanyankhalala, kapena ikatha miyezi 3, gulani wina. Za makala ndi phulusa ndikudziwa tidakula nazo, koma zimapala dzino lenilenilo. Kamtengo kotafuna kaja kali bwino kuposa kungokhala osatsuka.

China chimene sindigwirizana nacho ndi chizolowezi chathu chopita kwa a zamano tsaya litatupa, kukazulitsa basi. Ngati mwatsuka bwino masabata 2 magazi osasiya, pitani akakuoneni mano akadali olimba.

Amalume ndawagulira mswachi wofewa pamsika wa Ulongwe. Lachisanu ndikawatenga pa njinga yamoto tipite kuchipatala. Avomera, koma akuti ndikalankhule ndine, iwo akuopa kuti akangofika akawazula.