Okonda Caitlin Clark mundikhululukire, chaka cha 2024 chinali cha A'ja Wilson

Lolemba lapitali ndinafika kuntchito maso ali psuu, anzanga n'kumayesa kuti ndachezera kumaliro. Ayi ndithu, sikunagwe zovuta. Ndinadzuka 2 koloko usiku kuti ndionere gemu yomaliza ya WNBA, ligi ya basketball ya amayi ku America. Ku Brooklyn inali 8 koloko madzulo a Lamulungu pa 20 October 2024, kuno tambala anali asanaganizeko n'komwe zolira. Bambo a kunyumba anangotulutsa mutu m'bulangete n'kuti, "Mayi, anthu osakudziwani n'komwe akusowetseni tulo chonchi?" Ndinawauza kuti agone, tikamba kukacha.

Poti chikho chapita kwa eni ake ndipo mitima yakhala pansi, ndilankhule zimene zakhala zikundidya sizoni yonseyi.

Tili ndi gulupu ya WhatsApp ya ife amene tinkasewera basketball kusekondale, pasimenti yong'aluka, ring yopanda neti. Kuyambira mu May tsiku silinadutse osatchulamo Caitlin Clark. Ena mwa anzangawo ligiyi ayamba kuionera chaka chomwechino, ndipo zimenezo zimandisangalatsa, chifukwa kale ndinkalankhula ndekha. Koma akayamba kunena kuti mtsikanayu ndiye woposa onse mu WNBA, kuti popanda iye ligiyi sikanakhala kanthu, pamenepo ndiye timapatukana.

Clark ndimulemekeze kaye, pakuti chilungamo n'chabwino. Anachoka ku yunivesite ya Iowa atagoletsa mapointi 3,951, kuposa wina aliyense m'mbiri ya makoleji akuluakulu a ku America, wamwamuna kapena wamkazi. Indiana Fever inamusankha woyamba pa 15 April. Chiyambi chinali chowawa: pa magemu 9 oyamba anapambana imodzi yokha, iye akutaya mipira ngati dengu lobooka. Koma mwana uyu amaphunzira msanga. Atayamba kumvana ndi Aliyah Boston ndi Kelsey Mitchell, timu inasintha, inamaliza itapambana magemu 20 n'kugonja 20, ndipo inalowa m'ndime ya chipulula koyamba chichokereni 2016. Mipira imene iye anapatsira anzake n'kugoletsa inakwana 337, zimene zinali zisanachitikepo mu sizoni imodzi. Pa gemu ina ndi Dallas mu July anapatsira 19 usiku umodzi. Zoponyera patali zija, atangodutsa pakati pa bwalo, n'zimene zimakopa anthu, koma kwa ine chokoma chake ndi diso. Amaona mpata mnzake asanafikepo. Anthu 20,711 anadzaza bwalo ku Washington mu September kudzamuonera. Zoonadi mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa.

Komabe yemweyo anataya mipira 223, nayonso ndi mbiri, yoipa. Ndipo atakumana ndi Connecticut Sun m'chipulula anatuluka pa magemu awiri okha. Sindikumunyoza, n'chaka chake choyamba. Mphoto ya wosewera watsopano wopambana inali yake popanda mkangano. Ndikungoti mwana wa Fomu 1 wanzeru kwambiri timamuombera m'manja, koma sitimupatsa satifiketi ya Fomu 4.

Tsono tamverani zimene anachita A'ja Wilson wa Las Vegas Aces. Mapointi 26.9 pa gemu iliyonse, kuphwanya mbiri ya Diana Taurasi ya 25.3 imene inakhalapo chiyambire 2006. Mapointi onse pamodzi 1,021. Ligiyi inayamba mu 1997 ndipo palibe amene anafikapo pa 1,000. Ma rebound, kapena kuti mipira yowakha woponya akaphonya, 451, mbirinso. Kutchinga mipira ya adani, woyamba mu ligi. Ndiye kuti munthu mmodzi yemweyo akukuvutani kutsogolo, mukathamangira kwanu mukumupezanso akukudikirani pansi pa ring. Anthu 67 amene amavota posankha MVP, wosewera woposa onse mu ligi, onse mpaka womaliza anamuika pa nambala 1. Zoterezi zinachitikapo kamodzi kokha, kwa Cynthia Cooper mu 1997. Ndipo aka n'kachitatu, atatenga kale mu 2020 ndi 2022.

Manambala ndi manambala, koma amene munamuonera mukudziwa chimene ndikunena. Amasewera ndi dzanja lamanzere. Akalandira mpira chapafupi ndi mzere wa ma free throw, pamene amaponyera wochitidwa faulo, womulonda amakhala pamavuto awiri: akamuyandikira amudutsa, akamupatsa mpata aponya pomwepo. Mukamutumizira anthu awiri, amatembenuka n'kuponya akubwerera m'mbuyo, mpira n'kulowa osakhudza chitsulo. Kumayambiriro kwa sizoni Chelsea Gray, amene amagawa mipira ku Aces, anali wovulala, timu ikuzandima, ndipo Wilson anaisenza pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Atauzidwa za mphotoyo analira pamaso pa anzake. Ine zinandikhudza. Uyu ndi mwana wa ku South Carolina amene agogo ake aakazi sankaloledwa ngakhale kudutsa pabwalo la yunivesite ya kumeneko chifukwa cha khungu lawo. Lero pa yunivesite yomweyo paima chiboliboli cha mdzukulu wawo. Anadzinenera yekha zimenezi tsiku limene ankachivundukula mu 2021.

Pakati pa sizoni anapitanso ku Paris ku Olympics, kumene America inapulumukira mkamwa mwa mbuzi, 67 kwa 66 ndi France. Gabby Williams wa France anaponya mpira womaliza n'kulowa, koma phazi linali litaponda mzere, mapointi awiri m'malo mwa atatu. Golide wachisanu ndi chitatu motsatizana, ndipo wosewera bwino wa mpikisano wonse anali Wilson yemweyo. Nanga mukufuna achitenso chiyani, awuluke?

Chimene chinandiwawa n'chakuti munthu akuchita zonsezi, pa intaneti nkhani inali yoti kodi Chennedy Carter wa Chicago Sky anamukankhiranji Clark, kodi Angel Reese wa timu yomweyo amadana naye, kodi anamusiyiranji ku timu ya Olympics. Anthu ena analowa mu ligiyi osati kudzaonera mpira koma kudzamenyera nkhondo zawo za khungu. Alyssa Thomas wa Connecticut, amene wakhala mu ligi zaka zoposa khumi, ananena poyera kuti mawu atsankho amene analandira chaka chino sanawaonepo, mpaka ligi inatulutsa chikalata chodzudzula. Clark mwini wake ananena kuti anthu otere si ochemerera ayi. Ine sindimuimba mlandu pa zimenezo. Koma ligi imeneyi anaimanga ndi amayi, ambiri mwa iwo akuda, amene kwa zaka 27 ankasewera mabwalo ali theka, n'kumakwera ndege wamba miyendo itapindika. Kunena kuti mlendo wa dzulo ndiye waipulumutsa kuli ngati kutamanda amene wabwera ndi mchere n'kuiwala amene analima, kukolola, kukonola ndi kuphika.

Reese naye, pang'ono chabe. Anthu amamuseka kuti amaphonya pansi pa ring n'kumawakha mipira yake yomwe. Pali kachoonadi ndithu, kumalizitsa kwake kukufunika ntchito. Koma ma rebound 13.1 pa gemu, ndi magemu 15 otsatizana akufika manambala awiri pa mapointi ndi ma rebound, sizibwera mwangozi. Akanapanda kuvulala dzanja mu September, mwina mbiri ya Wilson ya 451 ija ikanakhala yake.

Mudzandifunsa kuti nanga ngati Wilson ali choncho, chikho chili kuti? Funso labwino. Aces, amene anatenga mu 2022 ndi 2023, anatulutsidwa ndi New York Liberty mu semifainolo, 3 kwa 1. New York inali ndi ngongole ya chaka chatha ndipo inabweza. Koma fainolo imene inatsatira, ya New York ndi Minnesota Lynx, ndi imene ikundichitira umboni, chifukwa magemu asanu okoma kwambiri a chaka chino munalibe Clark, munalibe Reese, munalibenso Wilson wanga. Ligi ili ndi anthu, abale.

Gemu yoyamba Minnesota Lynx inatsalira ndi mapointi 18. Courtney Williams wa Minnesota anaponya wa mapointi atatu akuchitidwa faulo kutatsala masekondi ochepa, n'kuwonjezera wa free throw, bwalo la Barclays Center ku Brooklyn n'kungoti zii. M'nthawi yowonjezera Napheesa Collier wa Minnesota anamaliza nkhani, 95 kwa 93. Gemu yachitatu ku Minneapolis Sabrina Ionescu wa New York anaponyera kutali, pafupi ndi chizindikiro cha pakati, kutatsala sekondi imodzi, 80 kwa 77. Yachinayi Bridget Carleton wa Minnesota anaithera pa ma free throw, 82 kwa 80. Mwa magemu anayi oyambawo atatu anathera pa mpira womaliza. Mtima wa munthu ungapirire zingati?

Ndiye yachisanu, imene ndinadzukira ija. Kunena zoona unali mpira wonyansa, onse atatopa, miyendo italemera. Ionescu anaponya ka 19, n'kulowetsa kamodzi. Mnzake Breanna Stewart, amene watengapo MVP kawiri, 4 pa 15. Akuluakulu atasowa chochita, anaima ndi Jonquel Jones, chiphona cha ku Bahamas, mapointi 17, ndi Nyara Sabally wa ku Germany, amene anachokera pabenchi n'kugoletsa 13 pomwe palibe ankamuwerengera. Kutatsala masekondi 5.2 Minnesota ikutsogola ndi awiri, oimbira anati Alanna Smith wamuchita faulo Stewart. Ndinayang'ana kubwereza kwake katatu konse. Pepani a ku New York, ine faulo sindinaione, ndipo Stewart anaoneka ngati wayenda ndi mpira asanaponye n'komwe. Anamwetsa ma free throw onse awiri, 60 kwa 60, m'nthawi yowonjezera Liberty n'kupambana 67 kwa 62. Mphunzitsi wa Minnesota, Cheryl Reeve, ananena pamaso pa atolankhani kuti awabera. Ma free throw anali 25 a New York, 8 a Minnesota. Muweruze nokha.

Ngakhale ndinakwiya, New York sindiichitira kaduka. Ndi imodzi mwa matimu 8 amene anayambitsa ligiyi, inafika mu fainolo kasanu n'kugonja konse, 1997, 1999, 2000, 2002 ndi 2023. Inatsogolanso sizoni yonse, kupambana 32 n'kugonja 8. Ndipo Jones kulandira mphoto ya wosewera bwino wa fainolo kunandikomera, chifukwa iyeyu anatengapo MVP mu 2021 koma otsatsa malonda ankangomudutsa ngati sakumuona.

Amene ndikumulirira ndi Collier. Mukandifunsa wachiwiri kwa Wilson chaka chino, ndi iyeyu, ndipo ovota anateronso. Anatenga mphoto ya wotchinga bwino, anatsogolera Minnesota kutenga Commissioner's Cup, chikho cha pakati pa sizoni, mu June, ndipo pa gemu yachisanu anagoletsa 22 asanatulutsidwe ndi mafaulo. Sachita phokoso, sadzigunda pachifuwa. Amangopinda thupi, n'kuponda apa, n'kuponda apo, womulonda n'kupezeka ali m'mwamba yekha. Atsikana amene mukuphunzira kusewera, musamangotengera zoponyera pakati pa bwalo, muzionera mapazi a Collier. Bambo ake ndi ochokera ku Sierra Leone, ndiye penapake ndi wathu.

Poti ndatchula za kwathu kuno: Arike Ogunbowale, amene bambo ake ndi a ku Nigeria, anagoletsa 34 pa gemu ya All-Star ku Phoenix, pamene osewera otsala mu ligi anakwapula timu ya Olympics 117 kwa 109. Ku Paris D'Tigress ya Nigeria, pansi pa mphunzitsi wachitsikana Rena Wakama, inagonjetsa Australia ndi Canada n'kufika mu kotafainolo, timu yoyamba ya mu Africa kutero, ya amuna kapena ya akazi. Ndipo ambiri sadziwa kuti aneba athu a ku Mozambique anatumizako kale mwana wawo, Clarisse Machanguana, amene analowa mu WNBA mu 1999 ku Los Angeles Sparks. Ife amene tinaona Mwawi Kumwenda akukazunguza ku Australia pa netball tisamaone ngati n'zakumwamba.

Pa ndalama ndiye pamene Clark wathandiza anzake onse, ndipo apa ndivomera ndi mtima wonse. Malipiro ake a chaka choyamba anali madola 76,535, pamene Victor Wembanyama, wosankhidwa woyamba ku NBA, ligi ya amuna, mu 2023, analandira pafupifupi mamiliyoni 12. Mu 2024 ngakhale wolandira zambiri mu WNBA ankangolandira pafupifupi 250,000. N'chifukwa chake ambiri sizoni ikatha amathamangira ku Turkey, ku China kapena kwina kukasaka ganyu, ndipo ulendo wotere ndi umene unamugwetsera Brittney Griner m'ndende ku Russia mu 2022. Chaka chino matimu onse ayamba kuyenda pandege zahayala, ligi yasainirana ndi Disney, Amazon ndi NBC mgwirizano wa zaka 11 wa madola 2.2 biliyoni, ndipo m'mawa mwake mwa fainolo bungwe la osewera, lotsogozedwa ndi Nneka Ogwumike, linalengeza kuti likutuluka mu mgwirizano wakale wa malipiro kuti akambirane wina. Achita bwino. Khamu labwera, mbale nayo ikule.

Koma khamulo lidziwe kuti lapeza ndani pakhomo. Anzanga a mugulupu, ndikudziwa kuti mundiyankha ndi mavidiyo a mipira yakutali ija, tumizani, bandulo ndili nayo. Ine ndikubwezerani nambala imodzi yokha, 1,021.

Chaka chamawa, cha 2025, kukubwera timu ya 13, Golden State Valkyries, magemu akwera kuchoka pa 40 kufika pa 44, ndipo fainolo izitha kufika magemu asanu ndi awiri. Izi bambo a kunyumba sindinawauzebe.