Bwanji simunachenjeze za kuboola?

Achimwene olemba nkhani, zomwe mwalemba zoti hydatid (chotupa cha madzi chobwera ndi mazira a nyongolotsi za agalu) imamera kwinanso osati m'chiwindi ndi m'mapapo mokha nzoona, koma za kuopsa koboola chotupacho mwasiya bwanji? Amalume anga kuno ku Mbare, ku Harare, anakhala ndi chotupa pantchafu zaka zitatu, chosapweteka olo pang'ono, anthu nkumati chithupsa ichi tingoboola ndi singano. Mwamwayi anakajambulitsa sikani kaye, mkati munali timatumba ta madzi tambirimbiri. Adokotala anati chikaphulika munthu atha kukomoka pompo ndipo tizilomboto timafalikira, ndiye amalumewo anayamba kumwa mankhwala a nyongolotsi otchedwa albendazole kenako opaleshoni kuchichotsa chathunthu. Inu oweta agalu chonde siyani kuwaponyera chiwindi ndi mapapo a mbuzi osaphika, akadya amatenga nyongolotsizi ndipo mazira ake amatuluka ndi manyi a galuyo, ana nkumamugwiragwira kenako kudya nsima osasamba m'manja.