Sukulu yatsopano yachikhristu ikhale ndi anthu otha kukaniza mwini wake

Maganizo anga lero akukhudza sukulu zachikhristu zoyima pazokha zimene zikutsegulidwa mu mzinda wathu wa Mzuzu, kuyambira ku Luwinga mpaka ku Mchengautuwa, ndipo ndikulankhula makamaka kwa abale ndi alongo amene akukonzekera kutsegula ina. Pafupifupi zonse zimalonjeza makolo chinthu chimodzi, chakuti zidzatsogoleredwa ndi aphunzitsi odziwa ntchito amene akhala m'kalasi zaka zambiri. Lonjezo limeneli ndimaliyamikira, koma pali mafunso awiri amene ife makolo sitifunsa kawirikawiri. Kodi munthu wodziwa ntchitoyo adzapatsidwa mphamvu zotani? Nanga mwini sukulu akafuna kuchita chinthu cholakwika, ndani amene angamukanize popanda kuopa kuchotsedwa ntchito kapena kudulidwa mu mpingo?

Sindikupeputsa luso la mphunzitsi wamkulu wakale. Munthu amene anayendetsapo sukulu ya sekondale amadziwa kuti asanaitane mwana ndi mmodzi yemwe, sukuluyo iyenera kulembetsedwa ku Unduna wa Zamaphunziro, ndipo amadziwa khomo loyenera kugogoda ku ofesi ya Northern Education Division. Amadziwanso kuti kulembetsa ku undunako si chimodzimodzi ndi kuvomerezedwa ndi MANEB kukhala malo olembera mayeso, ndipo kuti sukulu ikazengereza pa nkhaniyi, ana a Fomu 4 amakalembera MSCE pa sukulu ina ngati alendo, makolo awo atalipira kale fizi ya zaka zinayi. Amadziwa kuti mayeso a Biology, Chemistry ndi Physics amafuna labu yokhala ndi zipangizo zenizeni, osati chipinda chopanda kanthu cholembedwa dzina pachitseko. Ngati sukulu ili yogonera pompo, amadziwa kuti chimanga chimagulidwa pa nthawi yokolola, mu June kapena July, chifukwa wogula mu February amagula pa mtengo wa njala. Ndipo amadziwa chinthu chimene eni sukulu atsopano amaiwala kwambiri, chakuti fizi imalowa katatu pa chaka pamene malipiro a aphunzitsi amatuluka mwezi uliwonse, kuphatikizapo August pamene ana ali pa tchuthi. Zimenezi munthu saziphunzira pa semina ya masiku awiri. Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo sukulu yatsopano imayaka moto kawirikawiri.

Vuto ndi lakuti m'sukulu zambiri munthu wotereyu amalembedwa ntchito kuti dzina lake likope makolo, koma chiwongolero chimakhala m'manja mwa wina. Pa sukulu ina imene mwana wa mlongo wanga anaphunzirapo, mphunzitsi wamkulu anali bambo wopuma pa ntchito ya boma, waulemu, wosunga nthawi, amene ankayendera makalasi m'mawa uliwonse atanyamula buku lolembamo aphunzitsi obwera mochedwa. Fizi, komabe, makolo tinkatumiza pa nambala ya Airtel Money ya mayi a kunyumba kwa dayilekitala, mwini sukuluyo, ndipo lisiti linkalembedwa tsiku limene mayiwo apezeka. Tsiku lina ndinawapeza bambo aja atakhala pa benchi panja pa ofesi ya dayilekitala, pamodzi ndi ife makolo, atagwira kapepala kopempha ndalama yogulira choko ndi mapepala olembera mayeso a pakati pa temu. Anandipatsa moni mwaulemu, koma anayang'ana kumbali. Chaka chisanathe anachoka, ndipo aphunzitsi awiri abwino anawatsatira. Zaka zawo zonse za uphunzitsi sizinathandize ana, chifukwa panalibe amene akanauza dayilekitala kuti ndalama za sukulu si ndalama za pakhomo.

Pa sukulu yachikhristu nkhaniyi imavuta kuposa pa sukulu ina iliyonse, ndipo tiyenera kunena chifukwa chake mosabisa. Woyambitsa sukulu nthawi zambiri amakhala m'busa kapena mkulu wa mpingo, ndipo amanena kuti Mulungu anamupatsa masomphenya. Ine sinditsutsa zimenezo, pakuti ndikudziwa anthu amene anagulitsa galimoto ndi kutenga ngongole ku banki chifukwa cha katundu amene anali nayo mumtima pa ana a anthu. Koma mawu akuti masomphenya akangolowa pa tebulo la msonkhano, munthu wofunsa za kaundula wa ndalama amaoneka ngati akulimbana ndi Mulungu. Msungichuma amene Lamlungu amagwada kuti abusa amupempherere, Lolemba sangathe kuwauza abusa omwewo kuti sasayina cheke. Chikhalidwe chathu cha ulemu, chimene ndi chabwino m'zinthu zambiri, pamenepa chimamanga anthu pakamwa. Chondidabwitsa n'chakuti Malemba omwe timawakonda amaphunzitsa zosiyana ndi zimenezi. Mu 2 Akorinto 8, Paulo sananyamule yekha chopereka cha mipingo, koma anayenda ndi abale osankhidwa ndi mipingoyo, ndipo ananena kuti anachita tero kuti wina asamunenere zoipa pa kasungidwe ka mphatsoyo. Ngati mtumwi anafuna mboni pa ndalama, sindikuona chifukwa chimene dayilekitala wa sukulu ya ku Chibavi kapena ku Zolozolo angakhumudwire wina akamufunsa lisiti.

Ife a kumpoto tili ndi chitsanzo pafupi. Timanyadira mbiri ya Livingstonia, mishoni imene inayambira ku Cape Maclear mu 1875, n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, kenako n'kukwera phiri la Khondowe mu 1894, kumene Dr Robert Laws anakhazikitsa sukulu ya Overtoun. Timakonda kukamba za Laws ngati munthu mmodzi wamphamvu, ndipo analidi wotero, koma sanali mwini wa mishoniyo. Ndalama zinkachokera kwa anthu a ku Scotland kudzera mu komiti imene iye ankailembera malipoti, ndipo zimene ankalakalaka kumanga sizinali kuvomerezedwa zonse. Atachoka mu 1927, atatumikira zaka zoposa 50, sukulu sinatsekedwe, ndipo lero Sinodi ya Livingstonia ili ndi yunivesite yake imene inatsegulidwa mu 2003. Sukulu za mipingo ikuluikulu, kaya ndi Marymount ya Akatolika muno mu Mzuzu kapena za CCAP ku Ekwendeni, zili ndi mavuto awo, koma mphunzitsi wamkulu akasintha sukulu imapitirira, chifukwa pamwamba pake pali dayosizi kapena sinodi. Sukulu yoyima payokha ilibe denga limenelo, choncho iyenera kudzimangira lake isanatsegule zipata.

Denga limenelo ndi bodi, koma osati bodi ya pa pepala yopangidwa ndi dayilekitala, mkazi wake, mlamu wake ndi dikoni wa mpingo wake. Ndikunena bodi ya anthu amene chakudya chawo sichichokera m'thumba la mwini sukulu. Muno mu Mzuzu anthu otere sasowa. Tili ndi aphunzitsi a ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni) amene amaphunzitsa aphunzitsi anzawo, tili ndi akatswiri owerengera chuma m'mabanki ndi m'makampani, tili ndi anamwino, maloya, ndi amayi amene ayendetsa mabizinesi awo zaka zambiri osagwa. Pakhalenso kholo losankhidwa ndi makolo anzake, osati lolozedwa ndi chala cha dayilekitala, ndipo zingakhale bwino patakhala Mkhristu wa mpingo wina, amene alibe mantha oti adzaitanidwa ku bwalo la akulu ampingo. Malamulo oyendetsera sukulu alembedwe momveka, onena kuti bodi ndiyo imalemba ndi kuchotsa mphunzitsi wamkulu, ndiyo imavomereza bajeti ndi mtengo wa fizi, ndipo ndiyo imaitana owerengera chuma ochokera kunja kamodzi pa chaka. Fizi ilowe ku akaunti ya banki yolembedwa dzina la sukulu, yofuna anthu awiri kusayina, ndipo awiriwo asakhale ogona nyumba imodzi. Mphunzitsi wamkulu naye apatsidwe gawo lake la ndalama zoyendetsera tsiku ndi tsiku, ndi ufulu wosankha aphunzitsi potengera mapepala awo ndi kalembera wa Teachers Council of Malawi, osati potengera amene amaimba bwino m'kwaya.

Nkhani ya malo ndi imene anthu amaizemba kwambiri. Sukulu zambiri zimamangidwa pa puloti ya woyambitsa, makalasi ena n'kumangidwa ndi thandizo la abale a kunja kapena zopereka za makolo, koma chikalata cha malo chili m'dzina la munthu mmodzi. Tsiku limene munthuyo adzamwalire, makalasiwo amasanduka chuma cha masiye, ndipo ana a anthu amapezeka pakati pa mkangano wa amalume, ana ndi mkazi wamasiye. Dziko lathu lili ndi lamulo la Trustees Incorporation Act limene limalola gulu lachipembedzo kapena lamaphunziro kulembetsa matrasiti osunga katundu m'dzina la gululo. Woyambitsa amene sakufuna kupereka malo ake ali ndi ufulu, koma abwereketse malowo ku sukulu ndi mgwirizano wolembedwa wa zaka zambiri, ndipo opereka thandizo adziwe chimene akumangapo.

Pa malipiro a aphunzitsi ndilankhula mwachidule, chifukwa aliyense akudziwa. Lamulo la penshoni limafuna kuti wolemba ntchito apereke 10 peresenti ya malipiro ndipo wogwira ntchito 5 peresenti, koma pali sukulu zimene zimadula gawo la mphunzitsi osalipititsa kumene liyenera kupita, kenako n'kumuuza kuti ntchito yake ndi utumiki. Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsi ambiri a m'sukulu zoyima pazokha anakhala miyezi osalandira kanthu, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, bajeti zimene zinakonzedwa mu September zinasanduka mapepala wamba. Bodi yoganiza bwino imakakamiza sukulu kusunga ndalama ya malipiro a miyezi ingapo isanaganize zogula basi yolembedwa vesi kumbuyo.

Palinso zigamulo zina zimene ziyenera kukambidwa mitu ili yozizira, mlandu usanabwere. Kodi sukulu idzalandira ana achisilamu, ndipo ngati idzawalandira, mtsikana adzaloledwa kuvala hijabu? Tonse tikukumbukira mkangano umene unabuka ku Balaka mu 2019 pa nkhani imeneyi, mpaka bungwe la Public Affairs Committee linakhalitsa pansi atsogoleri a zipembedzo ziwirizi. Kodi mwana wa Seventh-day Adventist adzakakamizidwa kulowa m'kalasi Loweruka? Mtsikana akatenga pakati, kodi sukulu idzatsata ndondomeko ya boma yomulola kubwerera akabereka, imene ilipo kuyambira 1993, kapena idzamuchotsa mwakachetechete kuti mbiri ya sukulu isaipe? Choopsa kuposa zonse ndi mphunzitsi amene wagwira mwana. M'malo achikhristu muli chiyeso chachikulu chofuna kuthetsa nkhani yotere ndi pemphero ndi kukhululukirana, wolakwayo n'kupatsidwa kalata yabwino yokafunira ntchito kwina, kumene akapezenso ana ena. Umenewo ndi mlandu wa kupolisi, ndipo mphunzitsi wamkulu ayenera kudziwa kuti akatengera nkhaniyo ku Victim Support Unit, bodi idzaima kumbuyo kwake ngakhale wolakwayo atakhala mphwake wa dayilekitala.

Ndikudziwa zimene woyambitsa sukulu angandiyankhe. Anganene kuti ndalama ndi zake, ngongole ndi yake, ndipo anthu a bodi amabwera kudzamwa tiyi ndi kulandira alawansi pamene iye sagona tulo. Pali choonadi pamenepo, chifukwa bodi zaulesi ziliko, ndipo zina zimagawikana m'magulu mpaka kuchedwetsa ngakhale kukonza chimbudzi. Koma yankho lake ndi kusankha anthu bwino, kuwaikira zaka zoti atumikire, ndi kulemba zimene agwirizana pa msonkhano uliwonse. Woyambitsa akhale ndi mpando wake mu bodi, alandire malipiro odziwika kapena lendi ya malo ake poyera, ndipo ngongole imene anatenga ilembedwe kuti sukulu imubwezere mwadongosolo. Palibe cholakwika kuti munthu apindule ndi thukuta lake, bola phindulo lidutse pa khomo lakutsogolo.

Ndionjezere kuti kuchuluka kwa zaka pa ntchito si umboni wokwanira. Ena anakhala zaka 30 m'sukulu za boma akudikira kuti zonse zichokere ku likulu, ndipo sanafunepo okha ndalama ya malipiro kapena kunyengerera kholo limene likufuna kusamutsa mwana. Bodi isanalembe mphunzitsi wamkulu, ikafunse amene anali wachiwiri wake ndi aphunzitsi amene anagwira naye ntchito, makamaka aakazi, chifukwa iwo ndi amene amadziwa khalidwe lake lenileni. Ndipo popeza ambiri mwa anthu otere amabwera atapuma kale pa ntchito, pambali pawo pakhale wachiwiri wachinyamata, mwina wochokera ku Mzuni kapena ku koleji ya aphunzitsi ya Domasi, amene adzaphunzire kwa iwo kayendetsedwe ka mayeso, kaundula ndi misonkhano ya makolo, ndipo mgwirizano wa ntchito wa mphunzitsi wamkuluyo unene momveka kuti kuphunzitsa wachiwiriyo ndi gawo la ntchito imene akulipidwira.