Mwauzidwa kuti mubwerenso mudzayezetse shuga, nanga mukuthawira kuti?

Ine ndatopa nako kukhala chete, lero ndiyankhula ndipo amene akwiye akwiye. Mwana wa mnzanga, mnyamata wa zaka 24, wophunzira bwino, wa digiri yake, anamutengera kuchipatala sabata yathayi ali chikomokere. Matendawo sindikumudzudzula nawo ayi, matenda sasankha munthu. Chandiwawa ine nchakuti masabata angapo m'mbuyomu kuntchito kwawo kunabwera anthu oyeza zaumoyo, anamubaya pa chala, kamakina kanaonetsa 14, kutanthauza kuti shuga wakwera, ndipo namwino anamulembera kapepala kuti apite kuchipatala m'mawa asanadye kanthu akamutenge magazi bwinobwino. Sanapite. Kapepala kaja anakapinda kanayi nkukalowetsa kuseri kwa kava ya foni, mayi ake akapeza kumeneko mwana ali kale pa dripi. Foni yomwe amaigwira tsiku lonse, kugona nayo, kudzuka nayo, kupita nayo ndi kuchimbudzi komwe. Nde musandiuze zoti anaiwala.

Ndipo sikuti thupi silinkamuuza. Botolo la madzi pambali pa bedi linkatha usiku umodzi, kudzuka kukakodza kosawerengeka, lamba anachita kubooletsa mabowo ena chifukwa buluku linkagwa, anzake nkumamuyamikira eti wayamba jimu, iye nkumangoseka. Maso atayamba kuona mwachimbuuzi anati ndi kompyuta. Kufooka anati ndi ntchito. Ludzu likamugwira ankalithetsa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi zija ndi ma energy drink, tangoganizani, munthu amene wauzidwa kuti shuga wake wakwera! Tsiku lomwe anayamba kusanza ndi kumva m'mimba kupotokola anati wadya zoipa, anagula timapilisi nkugona. Mnzake wogona naye nyumba imodzi ndi amene anadabwa kuti munthuyu akupuma mozama ngati wathamanga, ndipo mpweya wake ukununkhira ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Imeneyotu ndi ija madokotala amati ketoacidosis, magazi asanduka asidi chifukwa thupi lilibe insulini, ija imathandiza thupi kugwiritsa ntchito shuga wa m'magazi, ndipo layamba kudzidya lokha. Imapha imeneyo, ndipo sichedwa. Akanagona usiku winanso bwenzi tikukamba za maliro.

Koma ana inu mwatani kodi? Chakugwirani nchiyani? Foni ikangong'aluka pagalasi tsiku lomwelo muli kwa okonza, batire ikafika 10 peresenti mumachita kuthamanga kufuna chaja, koma thupi lanu lomwe likukuwa usiku ndi usana mukuti tiona mwezi ukatha. Muona chiyani?

Ndiye pali gulu lina limene limandiseketsa mokwiyitsa, la madokotala a pa Google. Munthu wauzidwa kabwerenso mawa, iye m'malo mopita akhala usiku wonse kuwerenga, kuonera mavidiyo a pa TikTok, kufunsa m'magulu a WhatsApp kuti abale 14 ndi zambiri kapena ndi zabwinobwino. Amene akukuyankhaniwo anaphunzira kuti? Wina akuti imwa madzi a mandimu, wina akuti sinamoni, wina akuti ndi stress chabe. Inu nkusankha yankho lomwe lakusangalatsani nkugona. Manambalatu sabisika ndipo sanyengerera munthu. Magazi a m'mawa munthu atakhala maola 8 osadya akafika 7.0 mmol/L kapena kupitirira, apo nkhani ilipo, makina ena amalemba 126 mg/dL koma nchimodzimodzi. Akayeza nthawi ina iliyonse nkupeza 11.1 kapena kuposa, uku muli ndi ludzu ndi kukodzakodza, nkhani iliponso. Ndipo chifukwa chake amakuuzani kuti mubwerenso nchakuti kubaya pa chala kamodzi sikokwanira kugamula, amafuna atsimikize. Mwina mukapezeka kuti muli m'malire chabe, shuga weniweni sanafike. Mwinanso munayezedwa zala zili ndi zotsekemera. Koma mudziwa bwanji muli pa bedi ndi foni?

Ena ndiye ochenjera mopusa. Akauzidwa tsiku lokayezetsa amasiya shuga masiku awiri, kumwa madzi ambirimbiri, kuthamanga pang'ono, kuti akapambane ngati ndi mayeso a kusukulu. Mukunamiza ndani? Dokotala apita kwawo madzulo akagona tulo tabwino, impso ndi zanu. Komanso kuli kuyeza kwina kotchedwa HbA1c, kumeneko kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, ikafika 6.5 peresenti zabodza zanu za masiku awiri zathera pompo. Ena amauzidwa bwerani musanadye, iwo nkumwa tiyi wa masupuni atatu panjira eti tiyi si chakudya. Abale!

Nyimbo yomwe ndatopa nayo kwambiri ndi iyi yoti ine ndine mwana, shuga ndi wa madala. Wina amvekere ine ndine wowonda, shuga amagwira anthu onenepa. Anakuuzani ndani? Mtundu woyamba uja amati type 1 umakonda ana ndi achinyamata omwe, owonda ngati inu nomwe, ndipo subwera chifukwa chodya maswiti ayi, ndi chitetezo cha m'thupi chomwe chimaukira kapamba nkuononga timaselo topanga insulini. Umenewo sudikira zaka, masabata ochepa munthu wagwa. Mtundu wachiwiri, type 2, womwe kale tinkati ndi wa akuluakulu, lero ukupezeka mwa a zaka za m'ma 20 ngakhalenso ana a sukulu, ndipo ukayamba munthu ali wamng'ono umaononga msanga kuposa ukayamba atakalamba. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 1990 anthu odwala shuga padziko lonse analipo pafupifupi 200 miliyoni, pofika 2022 anali 830 miliyoni. Mukuganiza onsewo ndi agogo? Ndipo ochuluka zedi akuyenda nawo osadziwa. Awo tiwamvere chisoni, sanauzidwe. Nanga inu amene mwauzidwa, kapepala muli nako?

Mantha ndikuwadziwa, musaganize kuti ndine mwala. Munthu wa zaka 22 amene wangoyamba kumene kuona kuwala, chibwenzi chili pamoto, ntchito yangopezeka kumene, kumuuza kuti mwina moyo wako wonse udzakhala wa mapilisi kapena jakisoni, mtima umagwa ndithu. Lirani ngati mukufuna kulira, palibe akukuletsani. Koma kulira kwake muzilira muli pa mzere wa kuchipatala. Chimene sindikuchimvetsa ndi manyaziwa. Manyazi a chiyani? Mwaba? Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo ine ndaonapo mtsikana akubisa mankhwala ake m'botolo la mavitamini kuti chibwenzi chisadziwe, wina kukabayira insulini m'chimbudzi cha pa phwando ngati akusuta zoletsedwa, wina kusiyiratu kubaya wikendi yonse chifukwa ali ndi anzake. Tsono tsiku lomwe shuga adzatsike mwadzidzidzi, mukunjenjemera, thukuta lili kamukamu, mukuyankhula zosamveka, anzanuwo adzati mwaledzera nkukugonekani pa mpando kuti mowa uthe. Adzadziwa bwanji kuti mukufunika kamadzi ka shuga msangamsanga pomwe munawabisira? Ndipo mowa womwewo umatsitsa shuga usiku munthu ali m'tulo ngati akubaya insulini, makamaka akamwa osadya. Mukufuna mudzafe ndi chinsinsi kuti anthu adzati anali smart?

Za jakisoni ndiye musandiyambe. Eti ndikangoyamba kubaya ndiye kuti kwanga kwatha. Kunkatha kale, insulini isanapezeke. Chisanafike chaka cha 1921, mwana akapezeka ndi mtundu woyambawu makolo ankangodziwa kuti ndi wa miyezi yowerengeka, akalimba chaka kapena ziwiri, ndipo mankhwala ake kunali kumumana chakudya mpaka atsale mafupa okhaokha. Frederick Banting ndi Charles Best ndi anzawo ku Toronto ndi amene anaitulukira, ndipo mu Januwale 1922 mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson, anakhala munthu woyamba kubayidwa, atatsala pang'ono kufa, nkutsitsimuka. Makolo a nthawi imeneyo akanagulitsa chilichonse kuti apeze kabotolo komwe inu mukukachitira manyazi lero. Inu okonda mpira, Nacho Fernández uja anapezeka ndi shuga wa mtundu woyamba ali ndi zaka 12, ndipo mu 2024 ndi amene ananyamula chikho cha Champions League ngati kaputeni wa Real Madrid. Alexander Zverev wa tenisi ali nawo kuyambira ali kamwana, anapata mendulo ya golide ku Olympics ya ku Tokyo. Amenewo kwawo kwatha? Inu amene simutha kukwera masitepe awiri osapuma ndi amene mukuti jakisoni akufooketsani?

Kenako kuli akuba aja a pa intaneti, ogulitsa tiyi, ufa, makapisozi, eti amachotseratu shuga m'masiku 21, umboni wake ndi zithunzi za anthu osadziwika akumwetulira. Ndipo ana ophunzira, odziwa kuwerenga, mumatumiza ndalama osafunsa nkomwe kuti muli chiyani m'menemo. Kuchipatala mukuti mzere ndi wautali, koma kudikira phukusi la wakuba masabata awiri ndiye mumatha. Wina nkusiya insulini chifukwa tiyi wafika. Ameneyo sakhalitsa, ndikunena pano, ndipo wogulitsa uja pa maliro sadzabwera, adzakhala atakublokani kale.

Enanso amayamba bwinobwino, apatsidwa mapilisi a shuga otchedwa metformin, amwa mwezi umodzi, ludzu latha, mphamvu zabwerera, basi ndachira. Mapilisi aja m'kabati. Mwachira kapena mankhwalawo ndi amene akugwira ntchito? Wina akuti amandipweteketsa m'mimba nde ndinasiya. Munabwerera kukawauza adokotala? Ayi. Pakamwa panatsekedwa ndi ndani?

Shugatu sapweteka poyamba, ndiye chake chomwe mumamupeputsira. Amadya mwakachetechete. Amayamba ndi timitsempha ta m'maso, tsiku lina mudzangoona mdima mbali imodzi. Impso zikatopa mudzakhala wa pa makina osefa magazi katatu pa sabata, maola anayi ulendo uliwonse, unyamata wonse kuthera pa mpando umenewo. Mapazi amachita dzanzi, mumaponda msomali osamva, nsapato yothina ikutupitsani kachithuza osadziwa, kachilonda kosapola, kenako chala, kenako phazi, kenako akuti tidule pansi pa bondo. Mtima, sitiroko, zonsezo zili pa mzere. Ndipo anyamata inu poti zinazi simumva, imvani iyi: mphamvu za kuchipinda zimathanso, shuga amaononga mitsempha ya kumeneko, ena zaka 35 asanakwane. Mudzamwa ma energy drink angati pamenepo? Atsikana nanunso, kutenga mimba shuga ali m'mwamba osadziwa nkuika mwana pangozi kuyambira masabata oyambirira enieni, inu musanadziwe nkomwe kuti muli ndi pakati. Kuyabwa kwa kumaliseche kobwerabwera kuja mukungogulira kirimu mwezi ndi mwezi, munayamba mwayezetsapo shuga? Khosi lada kumbuyoku ngati litsiro losachoka, inu nkumalikwecha ndi sopo ndi mafuta oyeretsa, osadziwa kuti nthawi zina ndi thupi likukuuzani kuti insulini yayamba kukanika ntchito.

Chomvetsa chisoni nchakuti amene mwauzidwa kuti muli m'malire ndi amene muli ndi mwayi waukulu, ndipo ndi inu nomwe mumauseweretsa. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Diabetes Prevention Program anapeza kuti anthu otere atachepetsa thupi pang'ono chabe ndi kumayenda ndawala mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chodwala shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Mphindi 30 patsiku, masiku asanu. Pa TikTok mumakhalapo maola angati? Kachitini kamodzi ka chakumwa chotsekemera ka 330 ml kamakhala ndi shuga wokwana timasupuni 8 kapena 9, inu mumatsitsa titatu tsiku limodzi nkumati sindidya shuga ine, tiyi ndimamwa wopanda.

Makolo nanunso sindikusiyani. Bambo ali ndi shuga, azakhali anadulidwa mwendo, agogo anachita khungu, koma m'nyumba nkhani imeneyi simuikamba, mwana akafunsidwa kuchipatala ngati kubanja kwawo kuli shuga akuti ayi. Mukubisiranji? Mwana akuonda m'maso mwanu, akumwa madzi ngati ng'ombe, inu nkumamunena kuti wayamba zamakhalidwe oipa m'malo momugwira dzanja kupita naye. Ndi inu anzake omwe mumati imwa kamodzi kokha sufa, mwakhala dokotala liti?

Amene mukusanza, m'mimba mukupweteka, ludzu silikutha ndipo mukupuma movutikira, musadikire kuche, nyamukani pompano. Enanu muli ndi kapepala m'chikwama, m'kabati, kuseri kwa foni, kaya munakataya kale, zilibe kanthu, kuchipatala sakakubwezani chifukwa cha pepala. Usiku uno mukadya basi, m'mawa madzi okha, pitani. Anthu akuluakulu ndevu pepeya kumachita kukukumbutsani za magazi anu omwe, zamanyazi.